Kukonza masoketi a mavalavu mu wailesi zakale

Wailesi za mavalavu (timababu tagalasi tokuza mawu m'kati mwa wailesi) zikadalipo m'nyumba zina kuno ku Mchinji, ngakhale zambiri zinasiya kulankhula kalekale. Zina zinabwera ndi matchona ochokera kumigodi ya ku South Africa ndi ku Bulawayo, zina zinali za kumishoni ndi m'maesiteti a fodya. Poti Chipata ndi pafupi, sizingakhalenso zodabwitsa kukumana ndi Saucepan Special, kawailesi ka batire ka Ever Ready komwe kanayamba kugulitsidwa mu 1949 kuti anthu azimvera siteshoni ya ku Lusaka. Wailesi yotere ikayamba kuthetheka, kuduladula mawu kapena kungoti zii, anthu amathamangira kunena kuti valavu yafa. Nthawi zambiri valavuyo imakhala ilibe mlandu. Vuto limakhala pa soketi pomwe yakhala, ndipo soketi imadwala matenda atatu okha: litsiro, kukhwepa, ndi kupsa. Awiri oyambawo kawirikawiri amachira popanda kuchotsa waya ngakhale mmodzi. Lachitatulo silichira, soketiyo imayenera kuchoka. Luso lagona podziwa kuti mwakumana ndi liti musanayatse chitsulo chowotcherera.

Musanagwire kalikonse

Magetsi a ESCOM ndi 230 V, koma m'kati mwa wailesi ya mavalavu mumakhala oposa pamenepo. Pa anodi (mbali yolandira magetsi okwera) ya valavu yotulutsa mawu mumapeza pafupifupi 250 V DC, ndipo pa kapasita yaikulu yoyamba amafika 300 V kapena kuposerapo. Makapasita amenewa, a 32 µF kapena 50 µF, amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi. Tengani rezisita ya 22 kΩ ya 5 W, muimangire mawaya okutidwa bwino mbali zonse, mbali imodzi muikanikize ku mwendo wa negativu wa kapasita, inayo mugunditse ku pozitivu kwa masekondi 15. Kenako yezani ndi mita. Ngati ikuwerenga kuposa 10 V, bwerezani. Osaphulitsa kapasita ndi sikuludiraiva: mumawononga kapasitayo, ndipo moto wake ukhoza kukulowani m'maso.

Yang'ananinso mayina a mavalavu. Akayamba ndi chilembo cha U, monga UCH81, UF89, UL84, UY85 kapena UL41, wailesiyo kawirikawiri ilibe transifoma ya magetsi. Mahita ake onse (timawaya totenthetsa valavu m'kati) ali pamndandanda umodzi wa 100 mA, ndipo chasisi (chitsulo chomwe zipangizo zonse zamangidwapo) imalumikizidwa ku waya mmodzi wa magetsi a pakhoma. Pulagi ikalumikizidwa mopotoza, chitsulo chonsecho chimakhala ndi 230 V. Pansi pa simenti ponyowa, kapena pansi pa dothi, munthu wosavala nsapato akagwira chasisi yotere amafa. Wailesi zimenezi muziziyeza zili zoyaka pokhapokha muli ndi isolation transformer, transifoma yolekanitsa wailesi ndi magetsi a pakhoma. Ngati mulibe, chitani ntchito yonse ya soketi pulagi itazulidwa, ndipo kuyeza kwa moto kukachitikire kwa amene ali nayo.

Zina ziwiri zoti musazipume. Chasisi zambiri zakale zinakutidwa ndi cadmium, ndipo ikakalamba imatuluka ufa woyera kapena wachikasu womwe ndi poizoni. Osaupala ndi sandipepa kapena kuuuzira ndi pakamwa, pukutani ndi kansalu konyowa n'kukataya. Pafupi ndi rezisita yaikulu yotentha mumatha kupeza kachidutswa kotuwa ka asbestos. Kasiyeni momwe kalili.

Dziwani soketi yomwe muli nayo

Mu wailesi za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa 1960 zochokera ku Ulaya, yofala kwambiri ndi B9A, yomwe ena amaitcha Noval. Ili ndi mabowo 9 ozungulira ndi mpata umodzi waukulu. Mavalavu ake ndi ECC85, ECH81, EF89, EABC80, EL84 ndi EZ80. Yocheperapo ndi B7G ya mabowo 7, ndipo ndi yomwe mumaipeza mu wailesi za batire zokhala ndi DK96, DF96, DAF96 ndi DL96. Pa mitundu iwiriyi miyendo ya valavu ndi yopyapyala, pafupifupi 1 mm, ndipo imatuluka m'galasi mwenimweni popanda chotchinga. Kumbukirani zimenezi, chifukwa mwendo ukakakamizidwa, galasi limang'aluka pompo.

Zakale kuposa apo zili ndi Octal, ya mabowo 8 ndi bowo lalikulu pakati lokhala ndi kamphako kolowera kiyi. Miyendo yake ndi yonenepa, pafupifupi 2.4 mm, ndipo mavalavu ake ndi monga 6V6 ndi 5Y3. Pali mtundu winanso wa miyendo 8 wotchedwa Rimlock kapena B8A, wa mavalavu monga ECH42, EL41 ndi UL41. Valavu yake ili ndi kachotupa m'mbali mwa tsinde komwe kamalowa pamphako ya mkombero wachitsulo wa soketi. Masoketi a Rimlock ndi ovuta kuwapeza, choncho mukapeza chasisi yakufa yokhala nawo, isungeni.

Miyendo imawerengedwa mutayang'ana soketi kunsi kwa chasisi, kuyambira pampata kapena pa kiyi, motsata momwe mivi ya wotchi imayendera. Mukayang'ana pamwamba, mawerengedwe amatembenuka. Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka, ndiye lembani nambala 1 pa chasisi ndi pensulo musanayambe. Pa B9A yambiri hita ili pa miyendo 4 ndi 5. Mwendo uliwonse umalumikizana ndi mbali yake ya m'kati mwa valavu. Pa EL84 giridi (polowera mawu) ili pa 2, kathodi pa 3, anodi pa 7, sikirini pa 9. Pa 6V6 hita ili pa 2 ndi 7, anodi pa 3, sikirini pa 4, giridi pa 5, kathodi pa 8. Onani kuti anodi ya 6V6 yagundana khomo ndi hita. Pakati pa 2 ndi 3 ndi pomwe moto umakonda kudumpha.

Thupi la soketi limasiyananso. Zotchipa zinapangidwa ndi timapepala tiwiri tofiirira ta paxolin tomanidwa pamodzi, tizitsulo togwira miyendo tili pakati. Zina ndi za bakelite yakuda kapena yabulauni yowumbidwa. Zabwino koposa ndi zoyera za ceramic, zomwe sizipsa.

Kupeza soketi yolakwa

Yambani ndi maso wailesi itazima. Zulani valavu imodzi pa nthawi, mutaigwira kunsi, mukuigwedeza pang'ono chabe uku mukukoka molunjika. Valavu ya Octal muigwire pa tsinde lakuda, osati pa galasi, chifukwa guluu wake anauma. Lembani pomwe valavu iliyonse yachoka. Musapukute galasi ndi nsalu yonyowa: dzina la valavu limafufutika nthawi yomweyo ndipo simudzaidziwanso. Ngati pamwamba pa galasi m'kati, pomwe pamayenera kuwala ngati siliva, payera mbuu, valavuyo yalowa mpweya ndipo yafa, soketi ilibe chochita nazo.

Walitsani tochi m'mabowo. Chobiriwira ndi dzimbiri la mkuwa, ndipo kawirikawiri limayamba ndi chinyezi cha m'dzinja kapena mkodzo wa makoswe. Chakuda chonata ndi mwaye wosakanikirana ndi fumbi, makamaka ngati wailesi inkakhala m'nyumba yophikiramo. Mphemvu zimakonda pansi pa soketi ya valavu yotulutsa mawu chifukwa pamafunda, ndipo zitosi zake zikanyowa zimadutsa magetsi. Nunkhizaninso. Bakelite yopsa ili ndi fungo lakelake lomwe silichoka.

Mukaona kuti palibe chopsa, yatsani wailesi, muidikire mphindi imodzi itenthe, kenako gwedezani valavu iliyonse pang'ono ndi kamtengo kouma. Yomwe ikuthetheka kapena kudula mawu mukaikhudza ndiyo ili ndi soketi yakuda kapena yokhwepa. Kulira kwa ngati belu mukaigogoda ndi nkhani ya valavu yokha, osati soketi. Valavu yomwe siikuwala pomwe zinzake zikuwala, mu wailesi ya mavalavu oyamba ndi E, yezani 6.3 V AC pa makutu 4 ndi 5, tizitsulo towotchererapo mawaya kunsi kwa soketi. Magetsi akakhalapo, zimitsani, zulani valavu, yezani hita yake pa miyendo 4 ndi 5 ndi mita. Ikaonetsa maohm ochepa, hita ndi yamoyo ndipo soketi ndiyo siikugwira. Mu wailesi ya mavalavu a U, soketi imodzi ikasiya kugwira hita, onse amazima limodzi, ndiye muyenera kutsata mndandanda wonse ndi mita pulagi itazulidwa.

N'chifukwa chiyani mabowo a hita ndiwo amayamba kufa? EL84 imakoka 0.76 A pa hita. Litsiro likawonjezera 1 Ω yokha pa bowo limodzi, pamatayika 0.76 V, ndipo kachitsulo kakang'onoko kamalandira kutentha kopitirira theka la watt. Kutenthako kumafewetsa chitsulo, chimasiya kufinya, kukana kumakwera, kutentha kumawonjezeka. Ndi mmene soketi yongoda imasandukira yopsa pakapita miyezi.

Pali matenda ena obisika. Valavu yotulutsa mawu ikamatentha mopitirira, mawu akusasa, nthawi zina anodi ikufiira, ndiye kuti giridi yalandira magetsi a pozitivu. Kawirikawiri wolakwa amakhala kapasita yolumikiza giridi ndi valavu yapambuyo, ya 0.01 kapena 0.02 µF, ndipo imeneyo muisinthe mulimonse. Koma soketi nayo imatha kudontha. Tiyerekeze kuti rezisita ya giridi ndi 1 MΩ ndipo litsiro lapanga njira ya 100 MΩ kuchokera pa 250 V. Giridi ilandira pafupifupi 2.5 V, pomwe EL84 imagwira ntchito ndi bayasi (magetsi a negativu pa giridi) ya pafupifupi 7 V yokha. Kuti musiyanitse, chotsani mwendo umodzi wa kapasita ija, zulani valavu, yatsani kwa kanthawi kochepa, yezani pa khutu la giridi. Mita ikawerengabe pozitivu, soketi ndiyo ikudontha. Mita wamba pa maohm singakuonetseni zimenezi wailesi itazima, chifukwa imayeza ndi magetsi ochepa kwambiri. Insulation tester ya 500 V ndiyo imaona, mawaya onse atachotsedwa pa makutu awiriwo.

Kutsuka

Mankhwala abwino ndi isopropyl alcohol kapena contact cleaner yeniyeni monga Servisol kapena DeoxIT. Spiriti ya pepo ija imagwira ntchito mukasowa zina, koma ili ndi madzi pang'ono ndi utoto, ndiye soketi iume tsiku lathunthu musanayatse. WD-40 wamba, oilo wa injini, palafini ndi petulo zisayandikire. Mafuta amagwira fumbi, ndipo m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala fumbi la kuno silichedwa kuumba phala pakati pa mabowo.

Chotsani kaye fumbi louma ndi kaburashi ka penti. Kenako songolani kansungwi kapyapyala kuposa bowo, kaviikeni m'mankhwala, kalowetseni n'kuzunguliza. Kakatuluka kakuda, dulani nsonga, bwerezani mpaka katuluke koyera. Kaburashi kotsukira pakati pa mano, ngati mwakapeza ku famase, kamagwira bwino koposa. Musalowetse msomali, fayilo kapena waya wonenepa. Tizitsulo ta m'mabowo tinakutidwa ndi siliva kapena tini wopyapyala kwambiri. Mukapala, mkuwa umatsala poyera ndipo umachita dzimbiri msanga kuposa kale.

Musapopere mankhwala mwachisawawa pa soketi ya paxolin. Amalowa pakati pa timapepala tiwiri tija, amatenga litsiro n'kulisiya m'katimo, pomwe simungafike. Dontho limodzi pa bowo ndi lokwanira. Tsukaninso thupi la soketi pakati pa makutu kunsi ndi mswachi wakale woviika mu alcohol, chasisi itapendekeka kuti zonyansa zitsikire pansalu.

Miyendo ya valavu nayo itsukidwe, apo ayi mubwezera litsiro m'bowo loyera. Ipukuteni ndi labala yofufutira pensulo, kapena sandipepa wosalala wa 1000 modekha, kenako alcohol. Mwendo wopindika wa B9A kapena B7G muuwongole ndi pulayala yosongoka, mutagwira mwendowo chapatali pang'ono ndi galasi kuti mphamvu isafike pomwe watulukira. Pomaliza pakani contact cleaner pang'ono pa miyendo, lowetsani ndi kuzula valavu kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Kukhulana komweko kumamaliza ntchito.

Kubwezera mphamvu ya kufinya

Soketi yoyera koma yosagwira imadziwika poyesa bowo lililonse palokha. Pa B9A ndi B7G gwiritsani tsinde la chiboolera cha 1 mm, kapena mwendo wodulidwa ku valavu yakufa. Lowetsani m'bowo lililonse. Liyenera kukana pang'ono polowa ndi potuluka. Bowo lomwe kachitsulo kanu kakungogweramo ndilo lakhwepa. Kuyesa ndi valavu yonse kumanamiza, chifukwa mabowo asanu ndi atatu abwino amabisa limodzi lakufa.

Onetsetsani kuti makapasita atsitsidwa, chifukwa tsopano mulowetsa chitsulo m'bowo la anodi. Yang'anani mmene kachitsulo kapangidwira. Kena kali ngati foloko ya mano awiri, kena kali ngati kachubu kong'ambika mbali imodzi. Tengani singano yosokera yolimba, muilowetse pakati pa kachitsulo ndi thupi la soketi, osati pakati pa bowo, kenako kankhirani kachitsuloko m'kati pang'ono. Chitani chimodzimodzi mbali inayo kuti bowo likhalebe pakati. Yesaninso. Ndi bwino kubwereza katatu pang'onopang'ono kusiyana ndi kukankha kamodzi mwamphamvu. Bowo lothina kwambiri limapinda mwendo, ndipo valavu ikatentha galasi limasweka. Valavu ya EL84 ndi yodula komanso yosowa kuposa soketi yake, ndiye musaiphe pofuna kuigwiritsitsa.

Kachitsulo komwe kasintha mtundu n'kukhala kabuluu kapena kotuwa kanatenthedwa ndipo kataya mphamvu yake. Mukakafinya lero, pakutha pa mwezi kadzakhala katakhwepanso. Pa soketi yowumbidwa yomwe thupi lake ndi labwino, mukhoza kusintha kachitsulo kamodziko. Chotsani mawaya ndi mtovu wonse pa khutu lake. Mupeza kuti khutulo linapotozedwa pang'ono kapena lili ndi kachotupa kolitsekera. Liwongoleni ndi pulayala, kankhirani kachitsulo m'mwamba katuluke. Tengani kena ku soketi ya mtundu womwewo, lowetsani kuchokera pamwamba, potozani khutu pang'ono kuti kasabwerere. Kasiyeni kakugwedera pang'ono m'malo mwake, ndi mmene kanapangidwira kuti kazitsata mwendo wa valavu. Njira imeneyi ndiyo yoyenera pa ECH81 ndi ECC85, pomwe kusuntha mawaya ambiri kumasokoneza kagwiridwe ka masiteshoni. Pa paxolin siitheka popanda kumasula soketi yonse.

Soketi yopsa

Moto ukadumpha pakati pa makutu awiri, umasiya kamzere kakuda kokhotakhota ngati kanjira ka chiswe pakhoma. Kamzereko ndi makala, ndipo makala amadutsa magetsi. Ukadumpha kachiwiri njirayo imakula. Zizindikiro zake ndi kuphulika m'sipika, fungo, fyuzi kudukaduka, rezisita ya sikirini kupsa, ndipo m'chipinda cha mdima mumaona timoto tabuluu pansi pa valavu. Zimachitika makamaka pa valavu yotulutsa mawu ndi pa rectifier (valavu yosandutsa AC kukhala DC) monga EZ80, yomwe anodi zake pa miyendo 1 ndi 7 zimalandira AC yokwera kuchokera ku transifoma.

Ena amapala makalawo ndi mpeni n'kupakapo vanishi. Zimenezo zimangogula masiku. Pa bakelite makala amalowa m'kati kuposa pomwe maso akuona, ndipo pa paxolin amakhala pakati pa timapepala tija. Soketi yotere ikasiyidwa imapha transifoma ya mawu kapena ya magetsi, zomwe simungazigule pa Boma kapena ku Kamwendo. Ichotseni, muike ya ceramic.

Funsaninso chomwe chinayambitsa. Wailesi ikayatsidwa mokweza sipika itachotsedwa kapena waya wake ataduka, transifoma ya mawu imaponya magetsi okwera kwambiri pa anodi. Yezani sipika ndi mawaya ake. Yang'ananinso kapasita yaing'ono yomwe imakhala pa anodi kapena popingasa transifomayo. Ikafuna kusinthidwa, ikani ya 1000 V kapena kuposa, osati ya 400 V.

Kusintha soketi yonse

Masoketi atsopano a B9A, B7G ndi Octal akupangidwabe chifukwa cha maampulifaya a magitala, ndipo amaitanitsidwa pa intaneti. Musanaitanitse, yezani bowo la pa chasisi ndi mtunda wa pakati pa maliveti awiri. B9A yambiri imalowa pa bowo la 19 mm kapena 22 mm, B7G pa 16 mm, Octal imasiyanasiyana kuyambira 25 mpaka 30 mm. Onaninso ngati yakale inamangidwa pamwamba kapena kunsi kwa chasisi, ndiponso ngati ili ndi mkombero wogwira chivindikiro chachitsulo cha valavu. Soketi yochokera ku chasisi yakufa ndi yabwinonso, bola muitsuke ndi kuiyesa kaye.

Jambulani ndi foni kuchokera mbali zitatu, koma jambulaninso ndi dzanja papepala: khutu lililonse, zomwe zafikapo, mtundu wa waya, ndi komwe mpata wa soketi waloza. Chithunzi sichionetsa waya wobisika pansi pa mnzake. Waya aliyense mummate kapepala ka masking tape kolembedwa nambala ya khutu lake. Samalani ndi makutu omwe valavu siiwagwiritsa ntchito. Opanga wailesi ankakonda kumangirirapo zinthu zina ngati pokumanira chabe. Pa valavu zina mwendo wotere umalumikizana ndi china chake m'kati mwa galasi, monga 1, 6 ndi 8 pa EL84, ndipo pa UL41 kudontha kwa m'kati kudzera pa mwendo wotere kumadziwika kuti kumabweretsa kulindima. Ndi bwino kusamutsira zinthu zimenezo pa tag strip yapayokha, kabolodi ka makutu omangirirapo mawaya.

Poti soketi yakaleyo ndi yotaya, musavutike kumasula waya uliwonse ili pamalo. Dulani makutu ake ndi pulayala yodulira, mawaya atsale ndi tizidutswa take, kenako muchotse tizidutswato limodzilimodzi. Mukatero marezisita ndi makapasita salandira kutentha kwambiri ndipo miyendo yawo siifupika. Waya yemwe labala wake akuyoyoka musinthiretu.

Maliveti amachoka ndi chiboolera cha 3 mm. Boolani mutu wokha mpaka uduke, kenako gogodani chotsalacho chigwe. Liveti ikayamba kuzungulira limodzi ndi chiboolera, igwireni kunsi ndi pulayala. Phimbani tuning capacitor (kapasita yosankhira masiteshoni) ndi sipika ndi pepala musanayambe: tizitsulo tolowa pakati pa mapale a tuning capacitor timathetheka pozungulitsa, ndipo maginito a sipika amakoka chilichonse. Mangani soketi yatsopano ndi mabawuti a M3, nati ndi washa wa mano, mpata utaloza komwe unaloza wakale. Pa ceramic musamange mopitirira, imang'aluka. Ngati panali kakhutu ka earth pansi pa liveti, kabwezereni pomwepo mutayeretsa chitsulo cha pansi pake.

Gwiritsani mtovu wa 60/40 wokhala ndi rosin m'kati, ndi chitsulo chowotcherera cha 40 mpaka 60 W. Powotcherera pa chasisi penipeni pamafunika cha 80 kapena 100 W, chifukwa chitsulo chachikulu chimamwa kutentha. Asidi yemwe amisiri a ndowa ndi zidebe amagwiritsa ntchito asafike pa wailesi. Amadya mkuwa pang'onopang'ono ndipo amadutsa magetsi pakati pa makutu. Musanayambe, lowetsani valavu yakufa m'soketi kuti tizitsulo tonse tikhale pamalo ake pomwe mukuwotcherera. Mukapanda kutero, mawaya olimba amatikokera pambali ndipo valavu yabwino idzalowa mokakamiza. Chasisi ikhale chogona chammbali kuti mtovu usatsikire m'bowo. Mtovu ukalowa m'kachitsulo, sikadzafinyanso.

Yambani ndi mawaya a hita, popeza ndiwo amakhala pansi pa onse. Akhale opotana ndi ogona pa chasisi, kutali ndi khutu la giridi, apo ayi 50 Hz imalowa m'mawu. Kolowekani waya pa khutu kaye kuti agwire yekha, tenthetsani khutu ndi waya limodzi, ikani mtovu, chotsani chitsulo pasanathe masekondi anayi. Rezisita yaing'ono yomwe inali pa khutu la giridi penipeni ibwerere pafupi chomwecho, chifukwa ntchito yake ndi kuletsa valavu kuimba yokha, ndipo ikatalikira siigwira. Pa soketi za RF ndi IF, za mavalavu ogwira siteshoni, kachubu kachitsulo ka pakati pa soketi kamalumikizidwa ku chasisi kuti katchinge giridi ku anodi. Mukakaiwala, wailesi imaliza mluzu pa siteshoni iliyonse. Mukamaliza, tsukani rosin yotsala ndi alcohol, ndipo sambani m'manja musanadye.

Wailesi za kumapeto, zomwe masoketi ake ali pa bolodi ya njira za mkuwa, zili ndi vuto lawolawo. Kutentha ndi kuzizira kumang'amba mtovu mozungulira mwendo, makamaka pa 4 ndi 5. Ndi galasi lokuza mumaona kamkombero kopyapyala. Yamwani mtovu wakale, ikani watsopano. Bolodi ikada ndi kupsa pansi pa valavu yotulutsa mawu, palani chopsa chonse ngakhale patsale bowo, ndipo njira za mkuwa zodukazo muzilumikize ndi waya wokutidwa.

Kuyatsa koyamba

Fananizani khutu lililonse ndi chojambula chanu, kenako yezani ndi mita kuti makutu oyandikana sakugundana. Yezaninso kuchokera pa pozitivu ya kapasita yaikulu kupita ku chasisi. Mita iyambe pansi n'kumakwera kufika ma kΩ ambiri. Ikaima pa maohm ochepa, pali cholakwika, musayatse.

Lumikizani babu la 60 W kapena 100 W pa waya wa live, magetsi adutse m'babu asanafike ku wailesi. Likhale babu lakale la kawaya m'kati. La LED kapena la energy saver siligwira ntchito imeneyi, ndipo popeza akalewo akusowa, mukawapeza sungani awiri. Pa wailesi ya transifoma, yatsani koyamba mavalavu onse atazulidwa. Babu lingoyaka mofooka kapena osayaka n'komwe, ndipo pa makutu a hita mupeze 6.3 V kapena kupitirira pang'ono. Zimitsani, bwezerani mavalavu, yatsaninso. Babu limawala poyamba, limatsika, kenako limakwera pang'ono rectifier ikayamba kugwira. Likawala kwambiri osatsika, zimitsani pompo.

Zikayenda bwino, chotsani babu ndipo yezani pa EL84: pafupifupi 250 V pa 7 ndi pa 9, pakati pa 6 ndi 8 V pa 3, ndipo pa 2 pasakhale kalikonse. Yezani ndi dzanja limodzi, waya wakuda wa mita mutaukanikiza ku chasisi, ndipo nsonga ya wofiira ikutidwe ndi tepi kutsale kansonga kokha. Pa wailesi za batire kusamala kumeneku n'kofunika kwambiri: nsonga ikaterereka n'kugunditsa 90 V ku mwendo wa 1.4 V, mavalavu onse anayi amapsa nthawi imodzi. Onaninso kuti chosankhira magetsi kumbuyo chili pa 240 V osati 220 V kapena 110 V, chifukwa magetsi akamabwera atazima nthawi zina amakwera. Isiyeni wailesi ilankhule ola limodzi muli pomwepo, kenako gwedezaninso valavu iliyonse ndi kamtengo kaja ili yotentha, popeza bowo lina limagwira pozizira n'kumasuka likafunda. Valavu yomwe yathethekanso, bwererani ku bowo lake ndi chiboolera cha 1 mm chija.